A Hafuinchi, Telala wa ku Kampu Yakale

Malume anga sanagwirepo mfuti, koma anakhala m'kampu ya asilikali zaka makumi atatu ndi zinayi, kuposa akuluakulu ambiri amene ankachitiridwa sawatcha pageti. Iwo anali telala. Chipinda chawo chinali kumapeto kwa mdadada wa nyumba zazitali, moyandikana ndi mosungira mfuti. Munali zenera limodzi, tebulo lalikulu lodulirapo nsalu, makina opalasa ndi phazi, ndi simbi ya makala imene sankalola munthu wina kuikhudza. Ine ndinakulira pansi pa tebulo limenelo. Mayi anga, mlongo wawo, anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo malume, amene analibe mkazi, ankangopita nane kuntchito n'kundikhazika pa mulu wa zidutswa za nsalu. Ndi iwo amene ananditcha Kamoto, ati sindichedwa kuyaka. Sindikutsutsa.

Iwonso anali ndi dzina lawo. Kampu yonse inkawatcha a Hafuinchi. Msilikali akavala buluku latsopano n'kunena kuti lamukwana, malume ankamuzungulira kawiri, n'kugwedeza mutu. "Latsala hafu inchi. Vulani." Munthu ankavula, chifukwa kukangana nawo kunali kungotaya malovu.

Kayezedwe kawo kanali kamodzi, ndipo sikanasinthepo. "Imani njo. Chifuwa kunja. Manja m'mbali. Musapume." Ngakhale mkulu wa kampu yonse, wa nyota zodzaza mapewa, akalowa m'chipinda chija ankasanduka mwana wa sukulu, kuima osaphethira mpaka tepi itachoka pathupi. Ndiye yunifolomu ikatuluka m'manja mwa malume inkagwira thupi popanda khwinya ngakhale limodzi. Tsiku la pelete iwo ankakaima pafupi ndi thanki ya madzi n'kumayang'ana mizere ikudutsa. Nkhope sankaziona. Ankaona mapewa, makolala ndi mzere wa buluku, ndipo madzulo ake ankabwera kunyumba akuimba mluzu.

Anali aukali pantchito, koma osati ouma mtima. Msilikali akalakwa n'kutsitsidwa udindo, ankatumizidwa kwa malume kuti akamuchotse nyota. Iwo ankamuuza kuti avule malaya, n'kutembenukira kuzenera, kumufulatira, kuti munthu asaone lumo likudula ulusi. Akatero ankanyowetsa pamalopo n'kusita mpaka timabowo ta singano titatsekeka, kuti wokumana naye panjira asadziwe kuti panali kanthu. Pomupatsa malaya aja ankangoti, "Ulusi ndasunga." Zimenezi ndinaziona ndi maso anga kangapo.

Chimene sankachikhululukira ndi msoko wong'ambika. Wobwera ndi malaya othetheka m'khwapa ankaona zakuda. "Kodi mumavala, kapena mumamenyana nawo? Nsalu ya boma iyi." Zaka zikupita, obwera ndi zong'ambika anayamba kuchepa mpaka anatheratu, ndipo malume ankanyadira kuti anawaphunzitsa anyamata aja kusamala zovala.

Kenaka asilikali anasamukira ku kampu yatsopano kutali ndi tauni. Kumeneko mayunifolomu ankabwera osokasoka kuchokera ku fakitale, m'makatoni, aang'ono, apakati ndi aakulu. Telala sankafunikanso. Anawapatsa kalata yowathokoza ndi wotchi yapakhoma imene inaima patangotha miyezi iwiri. Ine mpaka lero mtima umandiwawa ndikaiganiza wotchi imene ija. Kampu inakhala bwinja zaka zinayi, udzu mpaka m'chiuno pabwalo la pelete, koma malume m'mawa uliwonse ankavala tayi n'kupita kukatsegula chipinda chawo. Ankasoka mayunifolomu a ana asukulu a m'dera lathu, ndipo ana aja ankaima njo ngati akuluakulu awo.

Chaka chachisanu malo aja anaperekedwa kwa anthu a zaluso. Mosungira mfuti muja, poti makoma ake ndi ochindikala, munakhala mojambulira nyimbo. Holo yodyeramo inakhala ya zisudzo ndi zovina. Ofesi ya mkulu wa kampu inadzaza mabuku, ndipo tizipinda totsekeramo asilikali olakwa anatilanda ojambula zithunzi, ati kuwala kwake n'kwabwino. Ine ndinapeza ntchito yokonza ndondomeko, kuti gulu liti lilowa m'holo nthawi yanji. Zipinda zinali zochepa, ozifuna ali mbwee, ndiye amayi amene amayang'anira malowo, tonse timawatcha a Manijala, anaika lamulo: chipinda chimodzi, munthu mmodzi, ndipo munthuyo azigwira ntchito yothandiza malowo. Ndinawachonderera za malume. Anavomera kuti asachoke, bola azisoka zovala za magulu athu.

Ntchito yoyamba yaikulu inali ya tsiku lotsegulira malowo. Gulu lovina linali ndi anthu khumi ndi anayi, ndipo aliyense ankafunika malaya ndi buluku la nsalu yofiirira. Malume anawaitana mmodzimmodzi. Ndinkamva ndili pakhonde: "Imani njo. Manja m'mbali. Musapume." Ndinangoseka, poti mawu amenewo ndinakula nawo. Sindinaganize kalikonse, ndipo pamenepa mlandu wina ndi wanga.

Anasoka milungu isanu. Lachitatu masana, kutatsala masiku atatu kuti titsegulire, ovina aja anavala zovala zawo koyamba kuti ayeserere m'holo. Atandanda pasiteji, anthu onse anangoti kukamwa yasa. Sindinaonepo zovala zokhala bwino chotero. Malume anaima kumbuyo kwenikweni, tepi ili m'khosi, manja kumbuyo, akudziletsa kumwetulira.

Ng'oma inalira. Kuvina kwake kumayamba ndi onse kuponya manja m'mwamba nthawi imodzi. Anaponya, ndipo tinamva kuti kwee, holo yonse. M'khwapa monse munatseguka. Asanazindikire n'komwe, ng'oma inawafikitsa ponjuta, ndiye mabuluku nawo anayankha. Mtsikana wina wamtali, amene anzake amamutcha Nsungwi, anangokhala pansi pomwepo n'kudzikulunga ndi katani. Woimba ng'oma anagwa chagada ndi phwete. Ojambula zithunzi, amene anabwera kudzaonerera, anaseka mpaka kugwira m'mimba. Nditacheuka kumbuyo, malume panalibe.

A Manijala sanaseke. Anandikokera pambali.

"Kamoto, Loweruka kukubwera alendo. Ndikudziwa kuti ndi malume ako, koma chipinda chija akuchifuna anthu asanu ndi awiri. Zovala izi zikapanda kukonzeka, Lolemba ndiika telala wina. Uwauza ndiwe, kapena ndiwauze ine?"

Ndinati ndiwauza ndekha.

Ndinawapeza atakhala pa makina, osapalasa. Ndinaunjika zovala zija patebulo n'kuwauza mawu a a Manijala monga analili, osachotsa kapena kuwonjezera. Anatenga malaya amodzi, n'kuyang'ana msoko mofatsa.

"Ulusi sunaduke," anatero. "Yang'ana. Yang'ambika ndi nsalu. Chovala chilibe vuto ichi. Ana aja ndi amene sadziwa kuvala."

"Malume, ndi ovina. Mumafuna avine manja ali m'mbali?"

"Ndaveka anthu masauzande, iwe. Anthu okwera mapiri, okwawa m'matope atanyamula mfuti. Palibe anabwerako kudzadandaula. Lero tiana todumphadumpha tindiphunzitse ntchito?"

Apa moto unayaka. Ndinawauza kuti kudzikuza kwawo kuwatulutsa m'chipinda chimene ndinachita kugwada kuti asachotsedwemo, ndiponso kuti akatuluka asadzandifunse kuti azikatsegula chiyani m'mawa. Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera kulankhula kwa munthu amene anandilera. 

Pakhomo panali pataima a Kopolo, mlonda wa pageti. Anali msilikali wa kampu yomweyi, ndipo atapuma ntchito anabwerera kudzalondera geti lomwe ankalondera kale, kungoti tsopano alibe mfuti, ali ndi ambulera. Anatsokomola, n'kulowa, n'kukhala pa benchi yoyezerapo.

"A Hafuinchi, ndinene kapena ndisiye?"

"Nenani, a Kopolo. Lero aliyense akunena."

"Wakutsina khutu ndi mnansi. Aliyense wa ife anali ndi mayunifolomu awiri, mukukumbuka. Imodzi tinkaisiya monga munasokera, ya pelete. Inayo tikaitenga kwa inu Lachisanu, Loweruka inali ili kale kwa akazi anga."

"Kukatani?"

"Kukamasula. Ankaika kachigamba m'khwapa ndi pakati pa miyendo. Popanda kutero munthu sukanakwera khoma, ngakhale kuponya mkono. Anayamba ndi yanga, anzanga ataona anayamba kubweretsa zawo."

Malume anaika malaya aja pansi pang'onopang'ono. "Anthu angati ankadziwa?"

"Kampu yonse. Ngakhale mkulu wa kampu ankatumiza yake ndi dalaivala."

"Zaka zonsezi? Nanga osandiuza bwanji?"

A Kopolo anakanda m'mutu. "Akanayamba ndani? Poyamba tinkaopa kukalipidwa. Kenaka zinangokhala zovuta. Ine ndemwe munandichotsapo nyota, mutandifulatira, ndipo chaka chotsatira munandibwezera ndi ulusi womwe uja. Munthu wotere ukamuuza bwanji kuti malaya ake sakwezeka mkono? Komanso pa pelete panalibe kampu yotiposa. Chimenecho ndiye n'choona, musachichotse."

Ndinayang'ana malume ndipo mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo. Anaoneka ochepa pa mpando paja. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinawakwiyira a Kopolo ndi kampu yawo yonse, anthu olimba mtima pamaso pa mfuti koma olephera kuuza telala mawu awiri. Malume anaimirira. Anavundikira makina, n'kutenga chipewa, n'kumapita kunyumba dzuwa likadali pamwamba, chinthu chimene sanachitepo.

M'mawa mwake ndinawapeza pakhomo panga atavala tayi, malaya amodzi ong'ambika ali m'pepala.

"Kamoto, ndiperekeze kumsika."

Akazi a a Kopolo amasokera pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wokonza mawotchi ndi wogulitsa maloko. Matelala a pakhonde malume ankawatcha osoka matumba, ndipo ankati akamadutsa pamenepo ankayang'ana kumbali. Tsiku limenelo anaima patsogolo pa makina a mayi aja, n'kuvula chipewa. Mayiwo ndi aafupi, onenepa, a magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anatiyang'ana pamwamba pa magalasiwo.

"A Hafuinchi pakhonde? Kodi kugwa mvula lero?"

"Mayi, ndabwera kudzaphunzira kachigamba kanu."

"Bambo a kunyumba anandiuza dzulo kuti aulula. Ndinawakalipira." Anatambasula malaya aja, n'kuyendetsa chala pa msoko. "Mukudziwa kuti ndakutukwanani zaka makumi awiri? Palibe msoko wovuta kumasula ngati wanu. Ena ndimangokoka ulusi, wonse wapita. Wanu ndinkachita kutola kamodzikamodzi ndi singano, mpaka maso anandithera. Magalasi awa ndi inu."

"Pepani."

"Musapepese, ndaphunzitsa ana anayi ndi m'khwapa mwanu. Ovinawo ali kuti? Sindidula kanthu ndisanawaone akuvina."

Anatseka makina awo, tinabwerera nawo limodzi. M'holo anauza woimba ng'oma kuti ayambe, iwo n'kukhala kutsogolo, tepi ili m'manja. Anaonerera kuvina konse kawiri. Kenaka anaitana Nsungwi.

"Kweza mkono, mwanawe, mpaka pamene umafika ukamavina. Ayi, osandinamiza, pamene umafika ng'oma ikakulowa. Eya. Khala pomwepo. Tsopano njuta. Puma, usaleke kupuma, ndikufuna ndione nthiti zikatuluka."

Malume anaima pambali, pensulo m'manja, akulemba manambala amene mayi aja ankatchula. Nthawi ina ndinawaona akukweza mkono wawo pang'ono, mobisa, n'kumvetsera mmene malaya awo akukokera m'khwapa. Anautsitsa msanga ataona kuti ndikuwayang'ana.

Mwayi unali woti malume sataya chidutswa cha nsalu, ndiye zotsala za nsalu yofiirira ija zinali zonse m'katoni. Mayi aja anawaonetsa kadulidwe kake: kachigamba ka ngodya zinayi, kosongoka uku ndi uku, kodulidwa mopingasa kuti nsalu izitamuka. Koyamba kamene malume anadula okha mayiwo anakaponya pansi. Kachiwiri chimodzimodzi.

"Mukudula ngati mukuopa kuti nsalu ikudandaulirani kwa mkulu wa kampu. Ipatseni malo."

"Pakhala khwinya, mayi."

"Likhalepo. Khwinyalo ndi mmene munthu amapumira."

Malume anatenganso lumo. Anadula kachitatu, ndipo mayi aja anangoti, "Sokani." Anagawana ntchito motero, mayiwo kumasula ndi kudula, malume kusoka, masana onse a Lachinayi ndi Lachisanu lonse. Pamene nsalu inang'ambika kwambiri malume anailumikiza mwaluso moti mayi aja anachita kuvula magalasi n'kuyandikitsa kumaso kuti apeze polumikizira. Atatero anandiyang'ana n'kukweza zikope.

Loweruka holo inadzaza mpaka anthu ena anaima m'mazenera. Ng'oma italira, manja khumi ndi anayi kawiri anapita m'mwamba. Kunali zii, kupatula ng'oma. Ananjuta, anadumpha, anagubuduka pansi, ndipo palibe chinathetheka. Anthu anaimirira kuomba m'manja. Malume, amene anakhala pafupi nane, sanaombe. Maso awo anali m'khwapa mwa ovina kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo atatha anapuma mpweya wautali ngati munthu wotula katundu.

Lolemba m'mawa a Manijala anatiitana ku ofesi, malume ndi ine. Masiku awiri aja iwo anali pa mipando ndi makalata a alendo, ndiye sankadziwa kuti m'chipinda cha telala munali anthu awiri. Ine ndinali nditakonza kale kuti asadziwe. Mayi aja anali atandiuza okha kuti dzina lawo lisatchulidwe, ati anazolowera.

"Bambo, mwatichotsa manyazi," anatero a Manijala. "Zimene ndinanena Lachitatu ziiwaleni. Chipinda ndi chanu."

Ndinayamba kuimirira kuti tithokoze tizipita. Malume sanasunthe.

"Mayi, ntchito imene mukuyamikayo si yanga. Yanga ndi ija munaiona Lachitatu. Amene anakonza ndi akazi a a Kopolo. Ine ndinangosoka pamene anandilozera."

Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo. Anachotsa phazi lawo n'kupitiriza.

"Anthu andibisira choona zaka zambiri pondimvera chisoni. Sindifuna mwana uyu ayambenso. Lamulo lanu likuti chipinda chikhale cha munthu wothandiza malo ano. Pa zovala za ovina, munthuyo si ine."

A Manijala anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Anafunsa malume ngati akudziwa chimene akunena, poti sangalembe maina awiri pa chipinda chimodzi ena asanu ndi awiri akudikira panja. Malume anati akudziwa. Basi a Manijala anatuma uthenga kumsika.

Panjira yobwerera sindinawalankhule. Ndinali nditakwiya moti ndikanatsegula pakamwa ndikanalira. Titalowa m'chipinda chija ndinapeza kuti anali atamanga kale katundu m'mamawa, asanapite n'komwe ku ofesi. Simbi, malumo ndi mabuku a miyezo zinali m'thumba pafupi ndi chitseko, ndipo makina anali atawamasula lamba. Apo ndiye ndinalira ndithu. Iwo anangondisisita paphewa, n'kundipempha ndikafunse a Kopolo ngati angapeze wilibala.

Wilibala isanabwere, anafika ndi mayi aja, thukuta lili kamukamu, chikwama cha ulusi chili m'manja. Anaima pakati pa chipinda n'kuyang'ana zenera, tebulo lalikulu lija, denga losadontha. Zaka zonse zija anasokera pakhonde, mvula ikabwera n'kumafunditsa makina ndi pulasitiki. Anayendetsa dzanja patebulo kuchokera uku mpaka uko, ndipo ndinaona kuti chipindacho achifuna ndi mtima wonse. Sindikanawada nazo.

"Chipinda ndalandira," anatero. "Tebulo ili ndi langa tsopano, ndipo woyeza anthu ndine. Tamvana?"

"Tamvana, mayi," anatero malume.

"Nanga thumbalo mukupita nalo kuti?"

"Kunyumba."

"Kukasita chiyani, makatani? Ine kolala imandivuta, a Hafuinchi. Mabowo a mabatani anga amaoneka ngati alumidwa ndi khoswe. A Manijala anena kuti dzina likhale limodzi, sananene kuti mwini chipinda asakhale ndi womuthandiza. Makina anuwo akankhireni pakona apo, kuzenera kukhale anga, maso anga munawatha kale."

Malume anayang'ana pakona paja. Ndi pamdima, pamene kale pankakhala katoni ya zidutswa. Anaima nthawi yaitali, chipewa chili m'manja, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi amene anali asanalamulidwepo ndi wina aliyense m'chipinda chimenechi. Kenaka anawerama, n'kutulutsa simbi m'thumba muja, n'kuiika pansi pafupi ndi khoma.

"Ndizifika nthawi yanji, aphunzitsi?"

Mayi aja anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya nsalu, osawayang'ana.

"Nthawi imene mwakhala mukufika," anatero. "Mudzanditsegulire."